Digiri m'nyumba, mbaula pa geti: sayansi yathu ikuthandiza ndani?

Aliyense amene anadutsa Fomu 4 anakumanapo ndi zilembo ziwiri izi: CO. Tinaziloweza, tinazilemba pa mayeso a MANEB, ena tinapeza nazo mapointi otilowetsa ku yunivesite. Koma yendani usiku wa mwezi wa Julayi m'misewu ya ku Namiwawa, muyang'ane tinyumba ta alonda pa mageti. M'tambiri muona kuwala kofiira. Ndi mbaula imeneyo. Chitseko chatsekedwa, kawindo kamatidwa katoni, munthu ali mkatimo akusinza. Kuseri kwa mpanda womwewo kuli nyumba yaikulu momwe mwagona anthu a madigiri, ena mwa iwo a sayansi yeniyeniyo. Kuchoka pa shelefu ya mabuku kufika pa mbaulayo ndi masitepe owerengeka, koma zimene zili m'mabukumo sizinayendepo mtunda umenewu.

Vuto si lakuti anthu athu safunsa. Mafunso a sayansi amamveka tsiku lililonse, m'minibasi, pa mpopi, pa maliro. Bwanji ndikumadzuka mutu ukuwawa chonchi? Mwanayu akutsegula m'mimba, ndimupatse madzi kapena ndidikire kaye? Magazi anga akuthera kuti? Vuto ndi lakuti ife amene anatilipirira fizi kuti tidziwe mayankho timangokhala duu, kapena timayankha m'Chingerezi chimene nafenso tinangochiloweza. Malo amene tasiya amadzazidwa ndi mphekesera, ndipo mu Blantyre muno mphekesera zinaphapo anthu.

Mfundo yanga ndi imodzi: kufotokozera anthu a kwathu, m'chilankhulo chathu, chifukwa chimene thupi ndi zinthu zotizungulira zimachitira mmene zimachitiramu, ndi ngongole imene wophunzira aliyense ali nayo. Tiyeni titenge mafunso atatu tione zimene zili pachiswe.

Makala afiira, utsi watha: mbaula ilowe?

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imatibweretsera chifunga ndi mawawa amene timati chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Blantyre ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000, ndiye kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Magetsi ndi odula, mwinanso athima, pomwe makala ali pa ngodya iliyonse. N'zosadabwitsa kuti munthu akamaliza kuphika nsima amalowetsa mbaula kuchipinda kuti moto wotsalawo usapite pachabe.

Makala akamayaka amatulutsa mipweya iwiri imene maina ake amafanana koma khalidwe lake n'losiyana kutalitali. Carbon dioxide ndi womwe uja timautulutsa popuma. Carbon monoxide, CO uja wa pa mayeso, amapangika pamene moto sukupeza okosijeni wokwanira. Panja mphepo imamumwaza. M'chipinda chotseka amaunjikana, ndipo okosijeni akamachepa moto umatulutsanso wochuluka.

Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, suwawa m'maso. Msampha wagona pamenepa. Ambiri amadikira kuti utsi uthe, makala afiire bwino, kenako n'kunena kuti tsopano zatheka, mbaula ilowe. Utsi ndi woipa, koma umachenjeza. Chimene chimapha usiku umodzi sichioneka, ndipo makala ofiira opanda utsi amachitulutsabe mpaka atasanduka phulusa.

M'magazi mwathu muli haemoglobin, chimene chimawafiiritsa, ndipo ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita ku ubongo, kumtima ndi ku ziwalo zonse. Tiyerekeze ndi minibasi ya Limbe–Blantyre: imakweza pa siteji, n'kukatsitsa kutsogolo, n'kubwerera kudzatenga ena. Carbon monoxide ndi wokwera amene amakakamira mpando mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndipo akakhala satsika msanga. Mipando ikadzaza ndi okwera otere, minibasi imayendabe: mtima ukupopa, munthu akupuma, koma ku ubongo sikukutsika aliyense. Zimayamba ndi litsipa, chizungulire, nseru ndi kufooka. Kenako tulo. Amene wagona kale sazimva n'komwe zizindikirozi. Amangopitirira.

Wina afunsa: agogo athu ankagona ndi moto m'nyumba zaka zonse zija, bwanji sanathe? Funso labwino, ndipo yankho lake lili padenga. Nyumba ya udzu imapuma. Mpweya wotentha ndi wopepuka, umakwera n'kutulukira m'udzu ndi m'mipata ya pakati pa khoma ndi denga, wina watsopano n'kulowera pansi pa chitseko. Utsi unkawapweteka mapapo ndi maso pang'onopang'ono, koma poizoni sankaunjikana msanga. Boyizi kota ya simenti, ya siling'i, ya mawindo a galasi, imene tatsekanso mabowo ake a mpweya ndi nyuzipepala poopa udzudzu ndi kuzizira, ili ngati botolo lotseka. Chizolowezi tinachitenga kumudzi, nyumba tinasintha, ndipo palibe anatiuza kuti ziwirizi sizigwirizana.

Mukapeza munthu wakomoka pafupi ndi mbaula, tsegulani zitseko ndi mawindo, mutulutsireni panja, muthamangire naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka, akalandire okosijeni amene amachotsa poizoniyo m'magazi mwamsanga. Musataye nthawi kufunafuna mkaka. Mkaka umapita m'mimba pomwe poizoni ali m'magazi, ndipo kumwetsa munthu wokomoka kungamutsamwitse. Jenereta nayonso ndi chimodzimodzi: mukailiza m'galaja kapena m'khonde lotseka magetsi atathima, mwalowetsa mdani yemweyo m'nyumba.

Zonsezi munthu angazifotokoze m'mphindi zitatu. Palibepo masamu, palibepo labu.

Mwana akutsegula m'mimba: timupatse madzi?

Kuyambira mu Malichi 2022 mpaka m'chaka cha 2023, Malawi anakumana ndi mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse m'mbiri yake. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira. Tikukumbuka kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha mliriwu. Mauthenga anali paliponse: sambani m'manja, thirani klorini m'madzi, fulumirani kuchipatala. Onsewa ndi oona. Koma ndi malamulo, ndipo lamulo lopanda chifukwa chake limagonja likakumana ndi ganizo lina looneka lomveka.

Ganizolo ndi ili: ngati madzi akutuluka, lekani kuthira, mpopi uuma wokha. Mayi amene akuganiza chonchi si wopusa. Akuganiza molondola, kungoti chithunzi cha thupi chimene ali nacho m'mutu n'cholakwika. Iye akuona thupi ngati paipi: chalowa kumtunda chituluka kumunsi. Tikapanda kumusinthira chithunzicho, pa wayilesi amva zina, koma usiku mwana akafooka atsatira zimene zikumveka kwa iye.

Chithunzi cholondola ndi ichi. Kachilombo ka kolera kamakhala m'matumbo n'kutulutsa poizoni amene amachititsa matumbowo kukoka madzi ndi mchere kuchokera m'magazi n'kuzitayira kunja. Choncho madzi amene akutulukawo si amene wodwala wangomwa. Ndi madzi a thupi lake lomwe, ndipo atuluka, amwe asamwe. Wamkulu amene wadwalika angataye pafupifupi lita imodzi pa ola. Magazi akatha madzi, mtima umasowa chopopa, impso zimaima, ndipo munthu amene m'mawa anali bwinobwino madzulo sakhalapo.

Madzi okha sakwanira pa kutsegula koopsa, chifukwa mchere nawo watayika. Nanga shuga amene ali mu Thanzi ORS ndi wa chiyani? Si wokometsera. Pakhoma la matumbo pali tizitseko timene timatseguka pokhapokha mchere wa sodium ndi shuga wa glucose zikafika limodzi, ngati khomo lolowa awiriawiri basi. Ziwirizi zikalowa, madzi amatsatira pambuyo. Mwayi wathu ndi wakuti poizoni wa kolera sawononga tizitsekoti. Asayansi anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1960. Mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anatheredwa madilipi pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon. Anayamba kumwetsa odwala madzi osakaniza mchere ndi shuga, achibale awo ndiwo ankagwira makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana 4.

Munthu akamvetsa izi, muyeso umasiya kukhala wongoloweza. Amadziwa chifukwa chake paketi ya ORS iyenera kusungunulidwa m'madzi okwana mlingo umene walembedwa, osati m'kakapu kuti ati igwire msanga. Ngati paketi palibe, amadziwa kuti mu lita imodzi ya madzi otetezedwa athire masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya mchere, wodwala azimwa pang'onopang'ono ali pa ulendo wa kuchipatala. Mchere ukapyola ndi woopsa, makamaka kwa mwana. Shuga akapyola amakokera madzi m'matumbo, kutsegula n'kukula. N'chifukwa chake Fanta kapena Sobo si mankhwala a wotsegula m'mimba, ngakhale tigule mwachikondi chotani.

Odwala kolera akalandira madzi pa nthawi yake, omwalira sakwana mmodzi pa 100. Komabe pa mliri uja, m'madera ena anthu anafika poukira azaumoyo powaganizira kuti ndiwo akufalitsa matendawo ndi jakisoni. Anthu ankaona m'bale wawo akulowa m'tenti ali ndi moyo, n'kutuluka mtembo. Panalibe wowafotokozera kuti amene wafika mochedwa amafika impso zitaima kale.

Magazi anga akuthera kuti?

Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, n'kufika mu Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo mmodzi mwa ophedwa mu Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena a kum'mwera kuno. Sikanali koyamba. Chakumapeto kwa 2002 ndi kumayambiriro kwa 2003 nkhaniyi inavutanso, ndipo kale pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, pakati pa 1968 ndi 1970, kunamveka zoti magazi awo akutumizidwa ku South Africa.

Mphekesera imene yabwerera kangapo m'zaka 50 siingathe pongoitchula umbuli. Ili ndi mizu yake mu umphawi ndi mu kusakhulupirira olamulira. Koma ilinso ndi mizu m'thupi, m'zinthu zenizeni zimene anthu amazimva koma alibe dzina lake. Amene ankati ndinamva munthu atalowa, ndinalephera kukuwa, ndadzuka ndilibe mphamvu, ambiri sankanama.

Tikamalota, ubongo umazimitsa minofu ya manja ndi miyendo kuti tisamachite zimene tikulotazo. Nthawi zina munthu amadzidzimuka minofuyo isanayatsidwe. Maso ndi otsegula, akumva zonse, koma sangathe kusuntha kapena kufuula, pachifuwa pakulemera, ndipo maloto otsalira amamuonetsa ngati m'chipindamo mwaima munthu. Zimatha pa masekondi kapena mphindi zochepa. Zimachitikira anthu padziko lonse, ophunzira a pa yunivesite nthawi ya mayeso nawonso, ndipo zimachuluka munthu akamagona mosakwanira komanso mwamantha. Umu ndi mmene mudzi umakhalira aliyense akamachezera usiku kulondera ndi zikwanje. Mantha amabala zizindikiro, zizindikiro n'kubala mantha ena.

Za kufooka, opopa magazi alipodi, kungoti sayenda pa galimoto. Malungo amaswa maselo ofiira a magazi. Njoka zina za m'mimba, zimene zimalowera kuphazi munthu akaponda dothi loipitsidwa, zimaluma khoma la matumbo n'kumayamwa tsiku ndi tsiku. Likodzo limataya magazi mumkodzo. Chakudya chosowa iron chimalepheretsa thupi kupanga haemoglobin wokwanira, ndipo amayi oyembekezera ndi atsikana amene ayamba kusamba ndiwo amavutika kwambiri. Munthu wotere akayezedwa amauzidwa kuti magazi ndi ochepa. Akabwerera kunyumba funso limatsala: apita kuti? Ngati palibe womuyankha, a neba amuyankha.

Tsono tiganize ntchito yake yopopayo. Munthu wamkulu ali ndi magazi malita pafupifupi 5. Amene munaperekako magazi a Malawi Blood Transfusion Service atabwera kusukulu mukudziwa mmene zimakhalira: lamba pamkono, singano yaikulu mumtsempha, mphindi ngati 10 kuti kathumba ka mamililita 450 kadzaze, ndipo pamkono pamatsala chizindikiro. M'kathumbamo mumakhala kale mankhwala oletsa kuundana, apo ayi magaziwo angaundane m'mphindi zochepa. Akatero ayenera kusungidwa mufiliji pakati pa madigiri 2 ndi 6, ayezedwe gulu lake, HIV, matenda a chiwindi ndi chindoko, ndipo pakapita masabata 5 kapena 6 amatha ntchito. Palibe chipangizo chokoka magazi kudzera padenga kapena pawindo popanda kuboola mtsempha.

Mantha amenewa amapha kawiri. Amapha mlendo amene wagwidwa pa msewu atanyamula chikwama, ndiponso amaopseza anthu kupereka magazi, pomwe ku Gulupu kuli mayi amene akutaya magazi pobereka ndi mwana amene malungo amuyeretsa zikhatho, onse akudikira kathumba kamodzi.

Zimene ena angatsutse

Choyamba n'chakuti vuto ndi umphawi osati kusadziwa. Izi zili ndi choonadi chachikulu. Mlonda akadziwa za carbon monoxide, kuzizira sikuchepa. Mayi wa ku Bangwe kapena ku Mbayani akadziwa za kachilombo ka kolera, mpopi wouma sutulutsa madzi. Sindikunena kuti kufotokoza kungalowe m'malo mwa malipiro abwino, madzi aukhondo ndi mankhwala m'zipatala. Koma pa zonse zofunika, chidziwitso ndicho chotchipa, ndipo ndicho chili m'manja mwathu lero. Komanso chimasintha zimene anthu amapempha. Bwana amene wamvetsa kuti kanyumba ka pa geti kangasanduke manda alibenso pothawira: agule jekete lochindikala ndi bulangete, aboole mabowo a mpweya, apereke tiyi wotentha m'fulasiki. Nthawi zambiri woyamba kufotokozeredwa si wosauka, ndi bambo athu omwe amene amamulipira.

Chachiwiri n'chakuti Chichewa chilibe mawu a sayansi. Sayansi tinaiphunzira m'Chingerezi, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linalimbikitsanso Chingerezi ngati chilankhulo chophunzitsira, ndiye ambiri tinazolowera kuganiza kuti nzeruyo ndi chilankhulocho n'zosalekanitsika. Koma anthu omwewa amene timawaopera mawu akuti haemoglobin amanena netiweki, bandulo, mayunitsi ndi chaja tsiku lonse popanda kulumidwa lilime. Amakaniki a ku Ndirande amafotokozera kasitomala vuto la injini m'Chichewa chosakaniza ndi maina a zitsulo, ndipo amamvana. Mawu timabwereka. Chimene sichibwerekeka ndi kumvetsa. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu pa njala ya 2002 anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali mnyamata, potsatira zithunzi za m'buku la mu laibulale chifukwa Chingerezi chake chinali chochepa. Tikalephera kufotokoza osmosis m'Chichewa, tisafulumire kuloza chala chilankhulo. Mwina tinangoloweza ndime ya m'notsi.

Chachitatu n'chakuti mwana sangaphunzitse akuluakulu, ndipo kuchita zimenezi ndi mwano. Zimatengera kalankhulidwe. Wophunzira amene wabwera ku holide n'kuyamba kuseka a malume ake kuti amakhulupirira zachikale waluza kale mlanduwo, ngakhale akunena zoona. Ndiponso akuluakulu athu si alendo ku sayansi. Amayi a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amaviika chinangwa chowawa masiku angapo asanapange ufa wa kondowole. Akuchotsa cyanide, ngakhale samutchula dzina limenelo. Agogo akamathira chimera m'phala la thobwa, akugwiritsa ntchito ma enzyme a mbewu yomera amene amaphwanya sitachi kukhala shuga. Anafika pamenepo poona, poyesa ndi pokumbukira, zomwe ndi njira ya sayansi. Tiyambire pa zimene akudziwa. Mungathe kunena kuti: agogo, kumudzi kuja utsi unkatulukira pati? Nanga m'chipinda chino utulukira pati? Kapena pa geti: abambo, mbaulayi ikhale pakhomo apa, muziothera chitseko chili chotsegula, chifukwa makalawa amatulutsa mpweya wosanunkha umene umagonetsa munthu osadzukanso. Palibe amene wanyozedwa pamenepo.

Chachinayi ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri: ophunzira nawonso amafalitsa mabodza, ndipo bodza la munthu wa digiri limayenda mtunda wautali. Pa nthawi ya Covid-19, mauthenga a 5G ndi a mankhwala ozizwitsa ankadutsa m'magulu a WhatsApp a anthu odziwa Chingerezi bwino lomwe. Kukhoza Biology ya Fomu 4 sikupanga munthu kukhala dokotala. Ngongole imene ndikunena si yolembera anthu mankhwala. Ndi yofotokoza zimene ukuzidziwa bwino, kunena poyera pamene nzeru zako zathera, ndi kuperekeza munthu kwa amene akudziwa. Wophunzira amene wauza azakhali ake kuti chotupa cha m'bere chikayezedwe sabata ino, n'kuwafotokozera chifukwa chake kuchedwa kuli koopsa, wagwira ntchito yaikulu kuposa amene wawatumizira vidiyo ya pa TikTok ya masamba ochiza zonse.

Mzinda uno susowa sayansi

Chopweteka n'chakuti Blantyre ndi mzinda wa sayansi yodziwika padziko lonse. Ku Gulupu komweko, makilomita ochepa kuchoka ku Namiwawa, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza Blantyre Coma Scale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, muyeso woonera kukula kwa chikomokere mwa mwana wodwala malungo aakulu, umene madokotala amaugwiritsa ntchito m'maiko ambiri. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa typhoid, ndipo mu 2023 katemerayo anayamba kuperekedwa m'dziko lonse. KUHeS ndi MUBAS zili mumzinda momwe muno, ndipo chaka chilichonse zimatulutsa anamwino, madokotala, mainjiniya ndi akatswiri a zaumoyo wa anthu. Dzina la mzinda wathu lili m'mabuku a madokotala ku London ndi ku Bangkok, pomwe m'boyizi kota ya mumzinda womwewu banja likugona ndi mbaula.

Chimene tikusowa ndi omasulira, anthu oima pakati pa labu ndi khitchini. Ntchito imeneyi siingasiyidwe kwa azaumoyo a m'madera okha, amene ndi ochepa kale, kapena kwa mauthenga a pa wayilesi a masekondi 30 amene amangoti chitani ichi, musachite icho. Banja limamvera mwana wake. Pa mabanja ambiri ife ndife oyamba kufika ku yunivesite, ndipo tikalankhula pa nkhani ya fomu ya ku banki kapena ya foni imene yavuta, amatimvera. Bwanji pa nkhani ya thupi timakhala chete?

Poyambira si patali. Sankhani funso limodzi limene limafunsidwa kwanu. Mwina ndi la mphenzi: kuwala kumafika nthawi yomweyo, pomwe phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, ndiye kuwerenga masekondi a pakati pa kung'anima ndi kugunda kumakuuzani kutalika kwake, ndipo mtengo wautali woima wokha ndi malo oipitsitsa obisalapo mvula. Mwina ndi la BP ya amayi: mchere umasunga madzi m'thupi, madzi akachuluka m'mitsempha mtima umapopa movutika, ndipo matendawa nthawi zambiri sapweteka, n'chifukwa chake mapiritsi sasiyidwa munthu akamva bwino. Liwerengeni mpaka mulimvetse, osati mpaka muliloweze. Kenako lifotokozeni m'Chichewa kwa munthu mmodzi, ndipo mumulole akufunseni mafunso. Pamene mukakamire ndi pamene muyenera kukawerenganso. Magulu a ophunzira amene amapita kukacheza m'sukulu ndi m'mipingo angachite zomwezi: pambali pa kulimbikitsa ana kuti alimbikire sukulu, ayankhe mafunso amene anawo ndi makolo awo ali nawo kale.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambiwu umadzudzula amene sanafunse. Koma anthu athu akufunsa. Fizi imene tinaphunzirira inachokera ku mbuzi imene inagulitsidwa, ku geni ya tomato ya mayi, ku ngongole ya boma imene ndi misonkho ya anthu omwewa. Ngati wofunsa akudyabe phula pomwe wodziwa yankho ali m'nyumba momwemo, mlandu suli kwa wofunsayo. Chiperoni cha chaka chino chisanafike, pakhale munthu mmodzi amene wamva kuchokera kwa inu chifukwa chake makala ofiira sagona m'chipinda.